Chaka Chimene Tinadya Nkhosa za a Dennis

Ndikauza abale akumudzi kuti ku Leicester kunagwa chaka cha njala, amandiseka. Amati njala yanji kudziko kumene mashopu satseka. Sinditsutsana nawo. Koma ine chaka chimenecho ndimachikumbuka mwezi ndi mwezi, monga momwe mayi anga ku Ntcheu amakumbukira zaka zimene anadya madeya.

Apo n'kuti nditatha zaka ziwiri kuno. Tinkakhala ku Highfields m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ine, bambo a Tamanda ndi mwana wathu Tamanda wa zaka zisanu. Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo viza ya tonse atatu inadalira kampani imene inandilemba.

Okutobala

Mvula inayamba kumayambiriro kwa mwezi ndipo inakana kuleka. Kampani inandipatsa wodwala watsopano, a Dennis, mlimi wokalamba amene sitiroko inawapha mbali ya kumanja. Famu yawo inali kutali ndi tauni, kumalire a Leicestershire ndi Northamptonshire. Ndinkakwera basi ya m'mawa, n'kutsika pa tchalitchi cha m'mudzimo, kenako n'kuyenda pansi m'kanjira kamatope mpaka pakhomo.

Famu ankayendetsa ndi mwana wawo, a Ruth, mayi wa zaka za m'ma fifite, wosalankhulalankhula, wamanja okhakhala ngati a bambo. Mwezi umenewo anafesa tirigu munda umodzi wokha. Madzi anakhazikika m'mizere, mbewu inaolera pansi. Minda inayo thirakitala sinathe n'kulowamo komwe. Chiyembekezo chonse chinatsala pa nkhosa.

Tsiku lina ndikuwakankha a Dennis pa njinga yawo ya olumala pafupi ndi khola, ndinaona kuti nkhosa iliyonse, kuwonjezera pa kapulasitiki ka nambala ka boma, inali yodulidwa kawiri kunsonga kwa khutu lamanzere.

"Bambo anganso amadula mbuzi zawo chonchi," ndinatero.

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ruth amati ndi zachikale. Koma kapulasitiki munthu amathothola, Enelesi. Khutu sathothola."

Kumapeto kwa mwezi kunabwera mayi Judith, mphunzitsi wopuma ntchito, atanyamula mapepala m'jumbo. Iwo ndiwo ankalemba ndi kusindikiza kanyuzipepala ka m'deralo, ka masamba anayi, kamene kankafika m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire. A Dennis maso anali atafooka, choncho ndinkawawerengera ndine. Munkakhala za maliro, za galu wosowa, za mitengo ya ziweto kumsika. Tsamba lomaliza linali la zobedwa: uje amubera mafuta, uje amudulira loko, uje wasowa nkhosa zisanu ndi imodzi. Mayi Judith anandifotokozera kuti mbava zimaukonda mtunda umenewu chifukwa ukangowoloka kamlatho ka kumunsi kwa famu, walowa m'dera la apolisi ena, ndipo mmene apolisi a uku amvane ndi a uko, galimoto imakhala itafika kutali.

Disembala

Kampani inayamba kutidula maola. Odwala anga ena awiri anapita kuchipatala osabwerako, ndipo sanandipatse ena. Ndinatsala ndi a Dennis okha, masiku anayi pa sabata. Bambo a Tamanda ankanyamula katundu kunyumba yosungiramo malonda, koma anawauziratu kuti Khirisimasi ikapita asadzabwerenso.

Amene zinawathina kwambiri anali anti Felista. Iwowa ndiwo anandilandira kuno ndili mlendo, anandigoneka pa sofa yawo miyezi itatu, anandigulira jekete yoyamba. Sanali m'bale wanga wa magazi, kwawo ndi ku Balaka, koma Tamanda ankawatchula agogo. Kampani imene ankagwirako ntchito inalandidwa laisensi yolemba anthu ochokera kunja, iwo n'kuuzidwa kuti apeze siponsa wina wa viza m'miyezi iwiri, apo ayi anyamuke. Sanamupeze. Sananyamukenso, chifukwa kumudzi anali ndi adzukulu anayi amasiye amene ankadya za m'manja mwawo.

Anayamba kuphika ndiwo zogulitsa kwa anamwino a mashifiti aatali, n'kumalandiranso maoda a nyama. Nyamayo inkabwera Loweruka lililonse masana ndi bambo wina wa vani yoyera. Dzina lake sitinalifunse, tinkangoti Wavani. Mtengo wake unali wosakwana theka la wa kubutchala. Pa Khirisimasi tinagula mwendo wathunthu. Bambo a Tamanda anafunsa kuti nyama yopanda chidindo chotere ikuchokera kuti.

"Ali ndi msuweni wake wa famu," anti anayankha. "Idyani, alamu. Mafunso sakhutitsa."

Tinadya, ndipo inali yokoma.

Febuluwale

Uwu ndiwo unali mwezi woipa. Lendi ikachoka, pankatsala ya basi yanga ndi pang'ono pa magetsi. Chotenthetsa m'nyumba tinkayatsa ola limodzi m'mawa kuti Tamanda avale, basi. Ufa m'mashopu a ku Belgrave unakwera kawiri mwezi womwewo, mpaka tinayamba kudya nsima Lamlungu lokha. Lachitatu ndinkaima pa mzere ku holo ya tchalitchi china kumene amagawa chakudya kwa osowa: zitini zinayi za nyemba, pasita, mkaka, nthawi zina mazira. Pa mzerewo ndinkakumana ndi Amalawi anzanga, ena a madigiri, ndipo tinkapatsana moni ngati takumana pa siteji ya basi. Bambo a Tamanda anayamba kunena kuti adyera kwa anzawo. Lamba wawo ndiye ankandiuza zoona.

Ku famu nakonso kunali njala yake. Msipu unasanduka dambo. Udzu wouma wa m'nkhokwe unatha msanga chifukwa nkhosa zinayamba kuudya nthawi isanakwane, ndipo wogula unali utakwera moti a Ruth ankangopukusa mutu akatsitsa foni. Anayamba kuyeza chakudya cha ziweto ndi chitini. Nkhosa zambiri zinali ndi bere, zikutsimphina ndi zilonda za m'ziboda.

Tsamba lomaliza la kanyuzipepala linasefukira mpaka tsamba lachitatu. Tsopano mbava sizinkangotenga nkhosa zamoyo, zinkaphera m'munda momwemo. Alimi anakumana ku holo ya m'mudzi, anapanga gulu la pa foni, anagawana masiku oyendera misewu awiriawiri. Mayi Judith anayamba kusindikiza manambala a magalimoto achilendo. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati ndi anthu oyendayenda okhala m'makalavani, ena ankati ndi a ku Birmingham, ambiri ankati nyamayo imathera mu Leicester, kwa anthu obwera.

M'mawa wina abambo awiri a gululo anaimitsa galimoto pambali panga ndikuyenda m'kanjira kaja. Anandifunsa komwe ndikupita ndi chifukwa chimene ndimayang'anira m'minda. Ndinawaonetsa chitupa cha kuntchito. Mmodzi anachijambula, wina anandijambula nkhope. Nditafika ndinawauza a Ruth, iwo anaimba foni pomwepo n'kuwakalipira kuti ndine munthu wa pakhomo pawo.

Loweruka lake ndinali kwa anti Felista, ndikuwathandiza kuduladula nyama, chifukwa ankandipatsako mafupa ndi zam'kati. Wavani anali atakhala pampando akumwa tiyi. Ndinali wokwiya ndi zondijambula zija ndipo ndinafotokoza zonse, m'Chingerezi kuti nayenso amve mmene azungu akumudzi amationera. Anandimvera chisoni. Anafunsa kuti ndi mudzi uti. Anafunsa ngati nkhalambayo ili ndi ana aamuna. Ndinati ayi, ndi mayi mmodzi yekha, ndipo akuvutika, moti nkhosa zikangoswa azipititsa kumunda wa kumlatho chifukwa ndi wokhawo wouma. Ndinalankhula ngati mmene munthu amachezera za kuntchito. Ndinatenga mafupa anga n'kumapita.

Malichi

Nkhosa zinaswa. A Ruth ankagona m'khola. Nthawi yanga yopuma ndinkawathandiza kupukuta tiana ndi udzu, ngakhale kampani sinkalola. Tina tinabadwa tofooka chifukwa amayi ake sanadye bwino, ndipo m'mawa uliwonse pakhomo pa khola pankakhala thumba la takufa. Komabe tambiri tinapulumuka. A Dennis ankafuna kuti ndiwaike pawindo loyang'ana kukhola, ndipo ankadya bwino kuposa miyezi yonse. Mvula inayamba kupumira. Kumapeto kwa mwezi a Ruth anakusa nkhosa zoyamwitsa ndi ana ake kupita nazo kumunda wa kumlatho.

Epulo

Linali Lachisanu. Nditatsika basi ndinamva kulira kwa tiana ta nkhosa kuchokera kumunsi, kulira kosalekeza, kosiyana ndi kwa masiku onse. Pakhomo sindinapeze a Ruth. A Dennis anali akadali pabedi, maso ali tong'o.

"Ruth wapita kalekale ndipo sakuyankha foni," anatero. "Pita ukaone. Ine ndisiye."

Ndinathamanga. Geti la kumlatho linali lotsegula, tcheni chili pansi chodulidwa. A Ruth anali ataima pakati pa munda manja ali lende. M'mbali mwa mpanda munali zikopa, zoyalidwa bwinobwino chimodzi pamwamba pa chinzake, ziboda pamulu pake, matumbo pamulu pake. Amene anachita zimenezi ankaidziwa ntchito ya mpeni. Nkhosa zazikazi khumi ndi zinayi. Tiana tinkazungulira zikopazo, tina tikufwenkha pamene panali mawere.

Wapolisi anafika dzuwa litakwera. Analemba, anajambula, n'kunena kuti matayala alowera kutsidya, ndiye awadziwitsa anzawo a uko. Anadabwa chinthu chimodzi: nthawi zambiri mitu imasiyidwa, koma apa inali itatengedwa yonse.

A Dennis ndinawauza ndine. Anangotembenukira kukhoma. Tsiku limenelo anakana kusamba ndi kudya.

Mawa lake, Loweruka, ndinapita kwa anti Felista madzulo monga mwa masiku onse. Fungo la ubweya wopserera linandilandira pa masitepe. Ndinawapeza akuwawula mitu pa mbaula ya gasi, mawindo ali otsegula. Anali osangalala.

"Ndinamuuza Wavani kuti anthu athu amafuna mitu, bwanji amataya ndalama. Lero wabweretsa. Tenga mpeni, uzipala uwo."

Ndinanyamula mutu umene unali m'beseni. Pakhutu lamanja panali chibowo chong'ambika pamene anathothola kapulasitiki. Khutu lamanzere linali lodulidwa kawiri kunsonga. Ndinautula, n'kunyamula wina. Chimodzimodzi. Ndinakhala pansi m'khitchini momwemo.

"Anti, nkhosa izi ndikuzidziwa. Ndi za odwala anga. Aziphera m'munda dzana usiku."

Anazimitsa gasi. Anapukuta manja pa chitenje.

"Mayi a Tamanda," anatero, ndipo sankanditchula choncho kawirikawiri, "ine sindinabe kanthu. Ndimagula, ndimagulitsa."

"Koma munkadziwa?"

"Iwe sunkadziwa? Mwendo wa pa Khirisimasi unkayesa wagwa kumwamba?" Sanakweze mawu. "Tamvera. Ndilibe mapepala. Wapolisi akangoponda pakhomo pano, ine ndathera pomwepo, ndi ana anayi aja athera pomwepo. Mzungu wakoyo ali ndi minda, ali ndi inshuwalansi. Usanditaye chifukwa cha nkhosa."

Anandikulungira chiwindi m'jumbo monga ankachitira nthawi zonse. Ndinalandira. Ndinachitaya m'bini ya pa siteji, ndipo kunyumba tinagonera pasita wothira mchere.

Meyi

Ndinakhala nayo nkhaniyi milungu itatu. Bambo a Tamanda anati nditseke pakamwa. Anati apolisi akayamba kufunsa adzafika pa funso loti mbava zinaudziwa bwanji munda wa kumlatho, ndipo kampani ikangomva dzina langa m'nkhani yotere, viza yathu yapita. Ankanena zoona.

Ku famu tiana tamasiye tinali m'khola, tikumwa mkaka wa m'botolo kanayi pa tsiku. Mkakawo unali wogula. Tisanu tinafa ndi kutsegula m'mimba. A Ruth anawonda mpaka buluku ankamanga ndi chingwe cha mitolo ya udzu. Ankandipangira tiyi, n'kumandithokoza kuti ndimawathandiza zimene si ntchito yanga. Tiyi ameneyo ndinkamusiya azizire m'kapu.

Kenako kanyuzipepala kanatuluka. Tsamba loyamba linali chithunzi cha zikopa zija. A Dennis anati ndiwawerengere zonse, ndisadumphe. Ndinawerenga za famu yawo, ndinawerenga kuti patangotha sabata mbava zinapheranso nkhosa zisanu ndi zinayi kwa mayi wina wamasiye kutsidya kwa mlatho, n'kumuphera ndi galu yemwe. M'munsi mwake mayi Judith analemba kuti nyama yochuluka chotere singathe popanda ogula, ndipo penapake pali munthu amene waiona pa tebulo lake. Anaika nambala yawo ya foni. Pa mzere umenewo ndinaima kuwerenga. A Dennis anandiyang'ana.

Nditaweruka sindinakwere basi. Ndinapita kunyumba kwa mayi Judith, kuseri kwa tchalitchi. Ndinawauza za vani, nambala yake, ndi msewu umene imadutsa Loweruka. Ndinawauzanso za pakamwa panga, kuti ndine ndinatchula munda wa kumlatho pamaso pa Wavani. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti apolisi amugwirire Wavani panjira, asanafike pakhomo la munthu aliyense.

"Dzina lanu sindilemba, ndipo sindilitchula kwa alimi," anatero. "Zimenezo zili m'manja mwanga. Koma kumene apolisi adzaime sindingakulonjezeni. Mukufunabe ndiimbe?"

Ndinaganiza za sofa ya anti. Ndinaganiza za tiana tofwenkha zikopa. Ndinati imbani.

Lachisanu ndinawaimbira anti kuwauza kuti mawa asalandire nyama, achoke pakhomo. Anandifunsa chifukwa chake, koma za apolisi sindinawauze. Anati ali ndi maoda a ukwati wa ku Evington, anthu alipira kale, sangawakhumudwitse. Anadula foni.

Apolisi sanamugwirire panjira. Ankafuna kuona kumene nyama ikupita. Anaitsatira vani mpaka ku Highfields, ndipo anakwera masitepe pamene anti anali atagwira mbali imodzi ya thumba.

Ogasiti

Dzuwa linabwera mochedwa. Barele amene a Ruth anafesa mu Epulo m'malo mwa tirigu anatuluka wamfupi, wa njere zopepuka, wongoyenera ziweto. Koma zokolola zimenezo sindinazione ndi maso anga, ndinangomva kwa mayi Judith. Apolisi atandifunsa ndinanena zonse, ndipo a Ruth anazimva kuchokera kwa iwo. Anandidikira pa geti m'mawa wina wa mu Juni.

"Ndikudziwa kuti ndinu munachititsa kuti akuba aja agwidwe," anatero. "Ndikudziwanso kuti ndinu munawalozera munda. Ndayesa kuziika pamodzi, zikundikanika. Sindikakunenezani ku kampani. Ndangowauza kuti bambo akufuna wowasamalira wamwamuna."

Ndinapempha kuti ndikawatsanzike a Dennis. Anati ali m'tulo.

Wavani ndi anzake awiri anatsekeredwa. Kanyuzipepala kanathokoza "wowerenga wina wa m'tauni", ndipo tsamba lomaliza linabwerera ku mafuta ndi maloko. Anti Felista sanawazenge mlandu wakuba, koma apolisi anawapereka kwa a imigireshoni, amene anakawasunga kumalo osungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Ndinapempha kawiri kukawaona. Anti anakana.

Ku tchalitchi kwathu palibe anandifunsa kanthu, koma onse ankadziwa. Amayi amene ankagula nawo nyama ija, amene anaphika mitu ija pa ukwati ndi pa zinkhoswe, anasiya kukhala pa benchi yanga. Wina anauza Tamanda kuti amayi ake ndi a polisi. Bambo a Tamanda sanandidzudzule, komanso kwa mwezi wathunthu ankangondiyankha zimene ndafunsa.

Novembala

Njala yathu inatha mwakachetechete. Kampani inandipatsa mashifiti kunyumba ina ya okalamba, bambo a Tamanda anaitanidwanso konyamula katundu. Tinayatsa chotenthetsa. A Ruth anagulitsa nkhosa zonse zotsala mu Seputembala n'kubwereketsa minda kwa mlimi wina wamkulu. A Dennis anamwalira masamba a mitengo akuyoyoka. Ndinaziwerenga m'kanyuzipepala, kamene mayi Judith anapitiriza kunditumizira pa positi.

Anti anakwezedwa ndege kumayambiriro kwa Novembala. Nambala ya kumudzi kwawo ndinaipeza movutikira kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankakhala nawo nyumba imodzi. Ndinaimba masana ena ndili pa siteji, ndikudikira basi ya kuntchito. Anayankha mwamuna, kenako ndinamva akuitana, ndi phokoso la ana.

"Ndi ndani?"

"Ndine Enelesi, anti."

"Muli bwanji, mayi a Tamanda?"

"Ndili bwino, kaya inu anti?"

"Tilipo. Mwana ali bwanji? Chifuwa chija chinasiya?"

Ndinati chinasiya. Ndinayamba kunena zimene ndinakonzekera miyezi yonseyo, kuti ndinawachenjeza mmene ndikanathera, kuti ndikufuna kumatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi ka ana aja. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Kuno chaka chatha sanakolole, ndipo mvula mpaka pano sinagwe. Tikudya kamodzi. Ndalama yanuyo ndikanakhala ndekha ndikanaikana, koma ana alibe mlandu. Muzitumiza kwa alamu anga, eni foni ino. Ine musamandiitanitse."

Ndinamva akupereka foni kwa mwini wake. Bamboyo anayamba kunditchulira dzina lake lonse pang'onopang'ono kuti ndilembe, ndipo ndinalilemba kuseri kwa dzanja, basi itaima kutsogolo kwanga chitseko chili chotsegula.